Wachisanu ndiye amasenza timu: zomwe ndaphunzira pa cross country ya kusekondale

Mu cross country, timu yomwe yapeza mapointi ochepa ndiyo imatenga chikho. Munthu akamva koyamba amayesa kuti lilime lakuterereka, koma lamulo lake ndi lomwelo. Ku America, komwe masewerawa anazika mizu m'masukulu a sekondale, timu imaimika othamanga 7 pa mzere woyambira, ndipo mtunda wake m'zigawo zambiri ndi makilomita 5, wodutsa pa kapinga, m'matope, m'nkhalango ndi m'zitunda. Owerengedwa ndi asanu oyamba a timu iliyonse. Wofika pa nambala 1 wabweretsa pointi imodzi, wofika pa nambala 20 wabweretsa mapointi 20, kenako n'kuphatikiza. Timu ikasesa malo asanu onse akutsogolo imapeza 15, ndipo palibe yomwe ingatsike kuposa pamenepo. Wa nambala 6 ndi wa nambala 7 m'timumo salowa m'chiwerengero, koma malo omwe atenga amakankhira kumbuyo ana a matimu ena.

Teremu ino, m'maphunziro athu a ukochi, tapatsidwa ntchito yolemba ndondomeko ya masabata atatu omaliza a timu ya sekondale yomwe ikupita ku mpikisano waukulu wa chigawo chake. Nyengo ya masewerawa kumeneko imayamba cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo mipikisano ya zigawo imachitika kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala. Aphunzitsi athu asanatilole kulemba ngakhale tsiku limodzi la pulakatisi, anatiuza kuti tiyambe ndi masamu, ndipo masamuwo ndi omwe akhala akundizungulira m'mutu.

Pa mpikisano wa masukulu awiri okha, timu ikatenga malo 1, 2 ndi 3 yapambana basi. Ngakhale onse 7 a timu inayo atafika mondondozana pambuyo pake, awiri otsala a timu yoyambayo afika pa 11 ndi 12, zomwe zikupereka 29, pomwe enawo ndi 4, 5, 6, 7 ndi 8 apeza 30. Sukulu yokhala ndi akatswiri atatu imatha nyengo yonse ikukwapula anzake m'timipikisano totere, aliyense n'kumaitama. Tsiku la fainolo likafika, pa mzere pali matimu 20 kapena kuposerapo, ndipo nkhani imatembenuka. Atatu omwewo atengenso 1, 2 ndi 3, koma wachinayi afike pa 40, wachisanu pa 75: onse pamodzi 121. Timu ina yopanda ndi mmodzi yemwe wotchuka ifike pa 14, 17, 20, 24 ndi 28: onse pamodzi 103. Chikho chapita kwa osatchukawo, ndipo oonerera omwe anangoona atatu oyamba akudutsa amabwerera kwawo akudabwa.

Chinanso chomwe pepala la zotsatira limaonetsa ndi kuchulukana kwa anthu pakati pa gulu. Kutsogolo othamanga amakhala patalipatali. Katswiri wanu akadula masekondi 10 pa nthawi yake, mwina wadumpha munthu mmodzi, mwinanso palibe. Pakati pa gulu, pomwe wachinayi ndi wachisanu amapezeka, anthu amalowa mothithikana, phewa ndi phewa, moti masekondi 10 omwewo atha kukhala malo 10 kapena kuposa. Ndiye ngati kochi ali ndi nthawi yochepa m'masabata omalizawa, ndikuona kuti nzeru n'kuithera pa mwana wachisanu, yemwe nthawi zambiri dzina lake sililembedwa paliponse. Makochi amakonda kuyang'ana kusiyana kwa nthawi ya woyamba ndi ya wachisanu. Mpatawo ukachepera mphindi imodzi, timuyo njoopsa.

Joe Newton, yemwe anali kochi pa York High School ku Elmhurst m'chigawo cha Illinois, anatenga chikho cha chigawocho ka 28. Timu yake inkadziwika ndi unyinji wa anyamata ovala zobiriwira, moti wina akadwala, wolowa m'malo mwake amakhala kuti alipo kale. Ndi timu yomweyi yomwe inapambana kumbali ya anyamata pomwe kampani ya Nike inayambitsa mpikisano wa matimu a m'dziko lonse la America ku Portland mu 2004, womwe lero umatchedwa Nike Cross Nationals. Atsikana a sukulu ya Fayetteville-Manlius ku New York, pansi pa kochi Bill Aris, anautenga mpikisanowu zaka 7 zondondozana, kuyambira 2006 mpaka 2012. Katswiri mmodzi sakhala pa sekondale zaka 7. Chomwe chinkapambana ndi gulu.

Tsono vuto la wachisanu lili apa. Pa pulakatisi, iye ndiye amavutika kuposa onse. Woyamba akamathamanga liwiro lomwe kwa iye ndi lapakatikati, wachisanu ali kumbuyo kwake akulimbana ngati ali pa mpikisano, chifukwa sakufuna kutsalira, komanso akudziwa kuti wa nambala 6 akumupumira m'khosi. Tsiku lomwe pa pepala palembedwa kuti ndi lopepuka, kwa iye silipepuka. Pofika Novembala miyendo yalemera, tulo sakugona bwino, m'misongolo mwayamba kuwawa. Mu ndondomeko yanga ndagawa magulu potengera nthawi ya mwana aliyense, ndipo masiku opepuka ndalemba kuti mwana azitha kucheza ndi mnzake akuthamanga osachita befu. Akalephera kumaliza chiganizo, achepetse liwiro, ngakhale zimuchititse manyazi.

Za kuchepetsa ntchito mpikisano ukayandikira, zomwe makochi amati taper, tawerenga zambiri. Mu 2007, Laurent Bosquet ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza othamanga, osambira ndi apanjinga, ndipo anapeza kuti njira yothandiza kwambiri ndi kutenga masabata awiri, kudula kuchuluka kwa ntchito ndi 41 mpaka 60 pa 100 iliyonse, koma osachepetsa liwiro ndiponso osachepetsa masiku ochita pulakatisi. Iñigo Mujika ndi Sabino Padilla, omwe afufuza nkhaniyi kwa nthawi yaitali, amati phindu lake limakhala cha m'ma 3 pa 100 iliyonse, ngakhale kwa ena limatsika kufika theka la 1, kwa ena limakwera kufika 6. Zikuoneka zochepa mpaka mutaziwerengera pa wotchi. Kwa mwana wothamanga makilomita 5 mu mphindi 18, atatu pa 100 ndi masekondi 32. Ngakhale 1 pa 100 yekha ndi masekondi pafupifupi 11, ndipo taona kale kuti masekondi otere ndi malo angati pakati pa gulu.

Chifukwa chake n'chomveka. Pulakatisi yolimba imasiya zinthu ziwiri m'thupi, mphamvu ndi kutopa. Kutopa kumachoka msanga, mphamvu imachedwa kuchoka. Ukachepetsa makilomita, timinofu tomwe tinang'ambika timapola, glycogen yomwe minofu imasunga ngati chakudya chake imadzazanso, koma mtima ndi mapapo zimakhala zisanaiwale zomwe zinaphunzira. Liwiro ndiye losasiya, chifukwa ukangoyenda pang'onopang'ono masabata awiri onse miyendo imagona. Komabe pano ndili ndi maganizo anga. Ambiri mwa omwe anafufuzidwa anali anthu akuluakulu ochita ntchito yambiri pa sabata. Mwana wa zaka 15 wothamanga makilomita 35 pa sabata alibe kutopa kochuluka choncho koti nkumudulira theka lonse. Kwa wotere ndadula pang'ono chabe. Amene ndamudulira kwambiri ndi yemwe wakhala akudutsa makilomita 70.

Wophunzira mnzanga wina anafunsa m'kalasi kuti, “Nanga aphunzitsi, mwana akakhala kuti sanakonzeke mokwanira, sitingamuwonjezere ntchito sabata yomalizayo?” Iwo anangomuyankha kuti, “Mukatero, achimwene, mwamuwonjezera kutopa kokha.” Makochi ambiri amawerengera kuti phindu la pulakatisi yolimba limaoneka pakadutsa masiku 10 kapena masabata awiri. Maziko enieni amamangidwa miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, sukulu zili pa tchuthi, pothamanga mtunda wautali mosapupuluma. Kochi Arthur Lydiard wa ku New Zealand ndiye anatchukitsa zimenezi. Ankathamangitsa anyamata ake mitunda ya marathon, ndipo pa Olimpiki ya ku Rome mu 1960 Peter Snell anatenga golide pa mamita 800 ndipo Murray Halberg pa mamita 5000 tsiku limodzi lomwelo. Amene anagona nthawi ya tchuthi, sabata yomaliza singamuombole.

Bwalo nalo limalamula kakonzekeredwe. Mu cross country nthawi za mabwalo awiri siziyerekezeka. Detweiller Park ku Peoria, komwe Illinois imachitira fainolo yake, ndi yosalala ndipo ndi mamailosi atatu. Pamenepo ndi pomwe Craig Virgin anathamanga mphindi 13 ndi masekondi 50.6 mu 1972 ali mwana wa sekondale, yemwe pambuyo pake anadzakhala katswiri wa cross country padziko lonse mu 1980 ndi 1981. Bwalo la Mt. SAC ku Walnut, California, ndi nkhani ina: zitunda zake zitatu zimathetsa mankhalu ana omwe amadalira liwiro lokha. Timu yopita ku bwalo lotere iyenera kuphunzira kukwera, komanso kutsika, komwe ambiri amakunyalanyaza. Mwana amafika pamwamba pa chitunda, n'kupumira m'mwamba, n'kumasula miyendo ngati wamaliza. Apo ndi pomwe amadutsidwa ndi atatu kapena anayi. Ndalemba kuti pa pulakatisi ya zitunda asamaimire pamwamba, azipitirira masitepe 20 kapena 30 pa liwiro lomwelo.

Poyambira pa fainolo pamafunika kuti mwana apaone ndi maso ake tsiku lisanafike. Mzere umakhala wautali, timu iliyonse ili ndi kabokosi kake kojambulidwa pa kapinga. Ana akudumphadumpha chifukwa cha kuzizira, ena akupondaponda pansi kuyesa ngati misomali ya nsapato ikugwira, ena akulunga nsapato ndi tepi kuti matope asaivule. Mfuti ikalira, anthu oposa 100 amathamangira malo amodzi, ndipo patangopita mamita mazana angapo njira imapanikizika n'kukhala yokwana anthu atatu kapena anayi. Wochedwa amatsekeredwa kumbuyo, akuponderezana ndi zigongono za anzake. Wopupuluma amalipira pa kilomita yachitatu. Thupi lili ndi kamphamvu kapadera ka phosphocreatine kokwanira masekondi pafupifupi 10, kotero kutuluka mwamphamvu masekondi oyambirirawo sikuwononga zambiri. Choononga n'kukakamira liwirolo mphindi yathunthu kapena ziwiri. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo kwa wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ndalemba zomwezo: atuluke pamodzi, apezane pofika pa kilomita yoyamba, wina akayamba kufooka mnzake amuitane dzina. Kutsalira wekha pakati pa anthu osawadziwa n'kosavuta. Kusiya jezi ya timu yako ikupita n'kovutirapo.

Nyengo siisankhidwa. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 1924, cross country inachitika kukutentha koopsa. Mwa anthu 38 omwe anayamba, 15 okha ndi omwe anamaliza. Paavo Nurmi wa ku Finland anapambana, koma kuchokera pamenepo mpikisanowu sunabwererenso pa Olimpiki ngati masewero oima paokha. Fainolo ya mu Novembala nthawi zambiri imakhala yozizira kapena yamvula, choncho misomali yaitali ya m'matope ndi yaifupi ya pouma zonse zikhale m'chikwama, ndipo nsapato yatsopano isavalidwe koyamba tsiku limenelo.

Za chakudya sindinalembe zambiri. Makilomita 5 samaliza glycogen ya m'thupi, ndiye kudya mosusuka usiku wake kulibe phindu. Mwana adye zomwe anazolowera, maola atatu kapena anayi mfuti isanalire. Tulo ndiye tofunika: madokotala a za tulo ku America amalimbikitsa maola 8 mpaka 10 kwa ana a zaka 13 mpaka 18, ndipo masabata amenewa amagundana ndi mayeso a m'kalasi. Pomwe ndaikapo mtima ndi pa ana omwe nthawi zawo zikubwerera m'mbuyo popanda chifukwa chooneka, makamaka atsikana. Kuchepa kwa ayironi m'magazi kumachita zimenezi, ndiponso kudya mosakwanira ntchito yomwe thupi likugwira, vuto lomwe International Olympic Committee inalitcha RED-S mu 2014. Mtsikana akasiya kusamba kapena mafupa akayamba kuchita ming'alu, si nkhani ya kochi yekha imeneyo. Makolo adziwe ndipo apite kwa dokotala. Kochi wouza mwana wa zaka 16 kuti achepetse thupi kuti athamange bwino, ine ndikuti asapatsidwe ana.

Gawo lomwe landitengera nthawi kwambiri ndi losankha wa nambala 6 ndi wa nambala 7. Matimu awiri akafanana mapointi, malamulo a masukulu a sekondale ku America amati wopambana ndi yemwe wothamanga wake wa nambala 6 wafika patsogolo. Ndiye malo awiriwa si a chifundo ayi. Makochi ena amachititsa kampikisano ka m'timu masiku ochepa fainolo isanafike kuti asankhe, koma kutero n'kuthetsa mphamvu za ana omwewo amene mukuwafuna tsiku la fainolo. Mu ndondomeko yanga ndalemba kuti chisankho chichokere pa mipikisano itatu yomaliza ya nyengoyo, mopendekera kwa yemwe amachita bwino pa bwalo lofanana ndi la fainolo, ndipo maina alengezedwe kutatsala masiku 10, kuti otsalawo asinthe n'kukhala oima m'mbali mwa njira pa kilomita yachinayi, kuwerenga mitu ndi kufuulira wachisanu nambala yomwe ali.