Mwezi wa 7 pa mthuthuthu: Gorodi ndakwera, koma kutsika ayi

Liva ya kilatchi yachitatu yathyoka Loweruka lapitali pa msewu wa Gorodi, wokwera phiri kupita ku Livingstonia uja, ndipo bondo lakumanzereli likadali lotupa ngati papaya, ndiye poti kulibe komwe ndingapite madzulo ano ndati ndilembe pomwe ndafika zisanandithawe m'mutu.

Njingayi ndinagula mu Epulo, Yamaha AG200 yakalekale, kwa mdala wina yemwe naye anaigula pa okushoni ya bungwe lina. Anzanga kuntchito anandiseka sabata yathunthu, ena akuti mwayamba kabaza kodi, ena akungondiitana kuti alangizi mpaka lero kkkk, ndipo sakulakwa kwenikweni chifukwa njinga zimenezi kuno tinazidziwira kwa alangizi a zaulimi ndi anthu a zaumoyo oyenda m'midzi. Anaipangira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, sitandi mbali zonse ziwiri, tcheni chotsekeredwa m'chibokosi kuti fumbi lisamadye. Kuthamanga ayi, ukafika 80 imayamba kulira ngati chigayo. Koma kulemera kwake ndi pafupifupi makilo 130 basi, pomwe zi BMW GS zomwe azungu amadutsa nazo pa M1 akuchokera ku Cairo kupita ku Cape Town zija zimaposa makilo 240, ndiye munthu amene wagwa ka 14 ngati ine (inde ndimawerenga) angakuuzeni kuti kudzutsa njinga wekha kutchire dzuwa lili paliombo si masewera.

Ine ndimadziona ngati ndimatha, paja pa tala ndinali nditayendapo zaka zingapo. Bodza lenileni. Pa dothi zonse zomwe thupi linazolowera zimakugwetsa. Mwezi wa Meyi wonse ndinathera pa galaundi ya mpira ya kufupi ndi kwathu, mamawa Loweruka ana asanabwere, nditandanda mabotolo a madzi ngati zipilala n'kumazungulira pa giya wani. Kuimirira pa zopondera ndiye kunandivuta koyamba, maondo opinda pang'ono, thanki utaipana ndi miyendo, zigongono kunja ngati nkhuku yofuna kuuluka, mawa lake ntchafu kuwawa moti kukhala pa mpando wa ku ofesi ndimachita kugwira tebulo. Chinanso chodabwitsa, pa tala ukamakhota umapendekera limodzi ndi njinga, koma pa dothi njinga yokha ndi imene imapendekera mkati iwe thupi n'kulisiya kunja, phazi lakunja likukanikiza chopondera. Mutu umamva koma thupi limakana. Ana aja anayamba kulawirira dala kuti adzaone "ankolo ogwa aja," ndipo sindinawakhumudwitsepo.

Koma phunziro lenileni ndinalipeza mu Julayi pa msewu wopita ku Dzalanyama, ndipo sanandiphunzitse ndi a pa YouTube omwe ndinawathera mabando ambirimbiri aja ayi.

Pali malo ena msewu umatsikira ku kadambo, mchenga wokhawokha mwina mamita 50, wofukulidwa ndi ngolo komanso njinga za makala zija zimatuluka m'nkhalangomo zitasenza matumba mpaka woyendetsa osaoneka. Ndinalowamo mwaulemu, moto nditachepetsa, maso pa tayala lakutsogolo, manja atauma gwa pa handulo. Tayala linangoti uku, uku, kenako ine pansi. Kudzutsa, kuliza, mamita asanu, pansi kachiwiri, liva ya kilatchi thyo. Ndili chikhalire mumchengamo kulavula dothi ndinamva kulira kwa njinga kumbuyo, mnyamata wa kabaza pa ka Lifan kotha matayala, wanyamula thumba la chimanga ndi mayi wobereka mwana, kuphazi patapata, anangodutsa fyuu ngati pali tala, mayi uja ali phee akudya chinangwa. Ine ndili ndi majombo, magolovesi, zoteteza maondo za pa kaunjika, chipewa cha ndalama zambiri. Manyazi ake inu.

Anakaima kutsidya n'kubwerera wapansi.

"Abiggy mwavulala?"

Ndinati ayi achimwene, koma mchengawu ukundikana.

"Nanga inu mumayang'ana pati? Ndakuonerani patali, mukuyang'ana pansi ngati mwataya ndalama. Yang'anani mtengo uwo, uko mukupitako. Ndiye musamachepetse moto, mukachepetsa mutu umalowa pansi. Ikani thuu, khalani kumbuyo, handuloyo isiyeni ivine, musalimbane nayo."

Zomwezi ndinali nditazimva kambirimbiri m'Chingerezi, koma apa zinalowa chifukwa ndinali nditangoona ndi maso anga zikugwira ntchito pa njinga yoti mtengo wake sufika theka la yanga. Chimene chimachitika n'choti ukatseka moto kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala n'kukumba mchenga ngati khasu, pomwe ukapatsa moto pang'onopang'ono osadukiza kutsogolo kumapepuka tayala n'kumayandama pamwamba. Kuvina kwa handulo kuja si kugwa ayi, njinga ikudzifunira yokha njira, ukaiumiriza m'pamene imakutaya. Anandithandiza kumanga kachidutswa ka liva kotsala ndi waya, anatenga kamtengo n'kufinya vavu kuchotsako mpweya matayala onse awiri, akuti mwapopa ngati mukukanyamula matumba anayi. Ndinadutsa malo aja kanayi, kupita ndi kubwerera, iye ataima potero akukuwa kuti moto! moto! mayi uja akuseka mpaka kugwira nthiti. Ndinamupatsa ya fanta, anakana kaye kamodzi mwa mwambo kenako analandira. Chipewa chake chinali chomangirira pa kaliyala, chimenecho chokha sindinatengere, ndipo ndinamuuza, anangoti chimatentha abiggy.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayenda ndi kageji ka mpweya ndi pompa wa njinga yakapalasa. Pa tala ndimaika cha m'ma 28, ndikalowa dothi ndimatsitsa kufika 18 kapena 20, kutsitsa kwambiri pa miyala ndiye chubu chimapanika ndi limu n'kubooka mabowo awiri ngati chalumidwa ndi njoka, zinandichitikira mu Ogasiti cha ku Ntchisi ndipo ndinakhala maola awiri pansi pa mtengo wa masuku kulimbana ndi tayala lakumbuyo mpaka wokonza njinga wa pa kamsika kena anadzandimatira mphindi 20 zokha. Panopa kumata ndimatha, pang'onopang'ono koma ndimatha. Seputembala sindinachite zambiri, mafuta anavuta, Loweruka ziwiri zinathera pa mzere.

Ndiye ulendo wa Gorodi uja. Ndinanyamuka Lachisanu 5 koloko m'mawa ku Lilongwe, Mponela, Kasungu, Jenda, kukwera Chikangawa komwe ngakhale mu Okutobala kamphepo kake kamalowa m'jekete, kufika Mzuzu madzulo, makilomita pafupifupi 360 pa mpando woti anaupangira munthu wozungulira khola la nkhosa. Za matako sindinena. Loweruka m'mawa Ekwendeni, Phwezi, kenako kutsetsereka Chiweta nyanja ikuonekera pansi apo, anyani ali m'mbali mwa msewu kudikira zotaya anthu, malole akukwera mofuula. Pa Chitimba ndinamwa tiyi, kutsitsa mpweya, kumanganso chikwama, n'kukhotera kumanzere.

Msewuwu ndi makilomita 15 okha koma uli ndi makona 20 opindika ngati mbedza ya nsomba, ukukwera phiri kuchoka kunyanja mpaka ku Khondowe komwe kuli Livingstonia. Anaukumba ndi manja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi ya mmishonale Robert Laws, yemwe anasamutsira mishoni kumtundako mu 1894 atatopa ndi malungo a ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ndipo ukamakwera umachita kuona kuti amene anaulemba ankaganiza za ngolo osati galimoto. Makona ena anathirako konkire, ena ndi miyala yokhayokha yosakhazikika, ina ngati zibakera ina ngati mitu ya ana, pakati pali ngalande zokumbidwa ndi mvula ya chaka chatha. Mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo phompho, mitengo ukuionera pamwamba.

Makona oyambirira ndinayenda bwino moti ndinayamba kudzitama mumtima. Giya wani, chiimirire, chifuwa chili pafupi ndi handulo kuti kutsogolo kusadzuke, zala ziwiri pa kilatchi, kulowa kona chakunja n'kutembenuza mutu wonse kuyang'ana komwe ikutulukira, njinga imangotsatira yokha ngati mbuzi ya pa chingwe. AG pa giya wani imakwera ngati thalakitala, apa ndiye ndinaikhululukira zonse za dzulo lake. Ndimawerenga makona mokweza m'chipewa, teni, leveni, thwelofu.

Pa ya 13 ndinakumana ndi pikapu ya matola ikutsika, yodzaza anthu ndi madengu a tomato, yatenga kona yonse chifukwa siingakhote mwina. Malo odutsa analipo, kunena zoona analipo, mwina mita imodzi ndi theka chakuphompho. Koma maso anga anapita kuphomphoko. Ndipo zomwe ndakhala ndikuphunzira miyezi isanu ndi umodzi zinauluka nthawi imodzi, dzanja linatseka moto lokha n'kukoka buleki yakutsogolo, injini zii, njinga yaima chopingasa pa chitunda, ndinaponya phazi lakumanzere kufuna nthaka koma mbali imeneyo ndi yotsika, phazi linangopalasa mpweya. Kugwa kwake kunali kwa pang'onopang'ono kochititsa manyazi kuja, umachita kukhala ndi nthawi yoganiza kuti ndikugwatu ine. Bondo pa mwala, liva thyo, petulo akudontha pa chitsekerero cha thanki.

Anthu a m'pikapu anatsika pafupifupi onse, "phepani dada, phepani chomene," abambo awiri anadzutsa njinga ndisanaimirire n'komwe, gogo wina akundisasa fumbi kumsana uku akuyankhula Chitumbuka chothamanga choti ndinangotolapo pachoko pachoko. Dalaivala anafunsa ngati ndikufuna andikwezere njinga kubwerera ku Chitimba. Ndinakana, osati chifukwa cha kulimba mtima koma ndinaganiza zokafotokoza kuntchito Lolemba.

Chomwe ndinakondwa nacho n'choti liva yapadera inali m'chikwama, phunziro la ku Dzalanyama limenelo, sipanala 10 ndi pulayala, mphindi khumi yalowa. Ndipo ndaphunziranso kusamangitsa kwambiri chomangira liva pa handulo, kuti ukagwa izingozungulira m'malo mothyoka, izi ndinazikumbukira nditathyola kale, mxii. Kunyamuka pa chitunda chotero ndiye ntchito ina, phazi lamanja pa buleki yakumbuyo, lamanzere pansi (bondo lomwe lija), kilatchi kuitulutsa mpaka injini itayamba kulemedwa kenako kusiya buleki pang'onopang'ono. Kawiri inazima. Kachitatu tayala linapala miyala n'kugwira, ndipo makona otsalawo ndinawamaliza ndikudziyankhulira ndekha mawu a mnyamata uja, mtengo uwo abiggy, mtengo uwo.

Pamwamba ndinaima pa mathithi a Manchewe, madzi akugwa mamita 125, anyamata a pamenepo anandilondolera kuphanga la kuseri kwa madzi komwe amati anthu ankabisala nthawi ya nkhondo zakale, koma bondo linandiletsa kufika. Ndinakhala pa mwala kudya mabanzi ndi nthochi, manja akunjenjemerabe, nyanja ili buluu pansi ngati sinandione ndikugwa. Ku Stone House, nyumba ya Laws yomwe pano ndi yosungiramo zakale, ndinangozungulira panja motsimphina.

Tsopano chilungamo chake. Cholinga chinali kukwera ndi kutsika Gorodi, ndipo kutsika ndi kumene ndimakuopa kwambiri chifukwa mabuleki a AG ndi a dilamu konsekonse, akatentha amayamba kunama, umafunika kudalira giya wani ndi buleki yakumbuyo, yakutsogolo kungoisisita ndi chala chimodzi, thupi lili kumbuyo. Lamulungu m'mawa bondo linali litakula, kuimirira pa zopondera osatheka, ndinaima pa mphambano mphindi zingapo injini ikulira kenako ndinatenga msewu watsopano wa tala wotulukira cha ku Njakwa. Wabwino kwambiri, wosalala, ndipo njira yonse ndimangodziona ngati ndathawa mayeso.

Ndiye pomwe ndili ndi apa: mchenga ndikudutsa osagwa kasanu motsatizana, kukhota moimirira kumanzere kuli bwino koma kumanja ndimatsitsabe phazi sindikudziwa chifukwa chake, kuima mwadzidzidzi pa dothi kukadali kwa mwayi. Ndikufuna zoteteza manja zachitsulo zija kuti ma liva apume, ndi tayala lakumbuyo la mano akuluakulu mvula isanayambe, chifukwa matope sindinawalawe n'komwe ndipo makande a m'madambo a kwathu kuno ndimawadziwa kuyambira ndili mwana, amamata mpaka tayala kuleka kuzungulira. Mayi a kunyumba aona buluku long'ambika pa bondo lija dzulo pochapa, ndinali nditawauza kuti ndinagunda pa sitepe ya ku malo ogona ku Mzuzu. Sananene kanthu, angoliyanika pa chingwe chakutsogolo penipeni, bowo likuyang'ana pomwe ndimaimika njinga.