Combo box yofufuzira yomwe inkafufuta mayina

Sabata ino yathera pa ma combo box (timabokosi totsegula mndandanda woti musankhepo) a Access, pulogalamu ya Microsoft yosungira deta, ambiri opangidwa ndi anzathu ongoyamba kumene ntchito. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija. Mndandanda ukuonetsa manambala m'malo mwa mayina chifukwa Column Count ili pa 1 pomwe query ikubweretsa makolamu awiri. Ikani 2, Column Widths ikhale 0cm;4cm, Bound Column isiyeni pa 1. ID ibisika, koma ndi yomwe izisungidwa. Pena pomwe amapunthwa: Bound Column imawerenga kuyambira 1, pomwe Column() mu VBA, chilankhulo cholembera khodi mu Access, imayambira 0.

Chondiwawa ndi cha Lachitatu. Pamwamba pa fomu ya makasitomala panali combo box yofufuzira munthu, ndipo mu Control Source mwake, momwe mumasonyeza kosungira zomwe mwasankha, anaikamo field ya dzina. Ndiye kuti wolowetsa deta akasankha dzina poganiza kuti akufufuza, kwenikweni akulemba dzinalo pa rekodi yomwe yatseguka. Access safunsa kuti musunge kapena ayi. Mukangochoka pa rekodiyo kapena kutseka fomu, zalowa. Batani la Esc limabweza zinthu pokhapokha musanachoke. Pomwe zimadziwika n'kuti marekodi angapo ali ndi dzina la wina, nambala ya foni ya wina.

Kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa. Control Source ikhale yopanda kanthu kuti ilembe Unbound, Row Source ibweretse ID ndi dzina, kenako mu After Update, khodi yomwe imayenda mukangosankha, muike Me.Recordset.FindFirst "ID = " & Me.cboFufuza (cboFufuza ndi dzina la combo box ija). Chovuta chinali kubwezeretsa mayinawo. Backup yomaliza inali yakalekale, moti tinachita kufananiza ndi mafomu apapepala limodzilimodzi mpaka mdima.

Mwana yemwe anapanga combo box ija sindikumuda. Akuluakulu ndi omwe amakana kuti ophunzira aziyeserera pa kope lapadera, ati n'kutaya nthawi, ndiye munthu wa sabata ziwiri pantchito akutsegula Design View pa database yomwe ofesi yonse ikugwiritsa ntchito. M'mawa mwake funso lawo linali loti lipoti lachedweranji.

Lachinayi panali combo box yachiwiri yosasintha mukasankha china pa yoyamba. Panasowa Requery, lamulo loti mndandanda uwerengedwenso, mu After Update ya yoyambayo, ndipo titaiika sinagwirebe mpaka titadina Enable Content, poti popanda apo VBA siyenda n'komwe. Lachisanu ina inkatseguka koma osalola kusankha: Allow Edits ya fomu inali pa No. Kalata yopempha kuti backup izichitika tsiku lililonse ikadali patebulo la bwana.