Momwe ndinapitira ndi ana anayi a fomu 3 ku Scotland

Kalata yochokera ku sukulu inzathu ya ku Scotland itafika, aHedi anandiitanira mu ofesi. "Madamu, akufuna ana anayi ndi mphunzitsi mmodzi, masabata atatu, mwezi wa June. Ndege ndi viza alipira iwowo, koma mapepala ndi ntchito yanu." Munali mu October, ndipo ine ndinkaona ngati miyezi isanu ndi itatu ndi yambiri. Ndikulemba izi kuti mphunzitsi mnzanga amene angasenzetsedwe katundu yemweyu ayambe msanga kuposa mmene ndinayambira ine.

Sukulu yathu ndi yoyendera, ili m'boma la Mulanje, ndipo inakhala ikulemberana makalata ndi sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Glasgow kwa zaka zingapo. Maubale otere ndi ambiri m'dziko muno. Anakula kwambiri kuyambira mu 2005, pomwe Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe panthawiyo ankatsogolera boma la Scotland, anasainirana mgwirizano. Kumeneko kuli bungwe la Scotland Malawi Partnership, kuno kuli Malawi Scotland Partnership, ndipo ngati sukulu yanu ilibe bwenzi, poyambira kufunsa ndi pamenepo.

Tinasankha a fomu 3 chifukwa a fomu 4 nthawi imeneyo amakhala ali kalikiliki ndi mayeso a MSCE. Kusankhako tinakuchitira poyera, pamaso pa komiti ya makolo ndi aphunzitsi komanso nthumwi ya amfumu. Ana analemba chimangirizo, amene anachita bwino anafunsidwa mafunso pakamwa, ndipo tinatenga atsikana awiri ndi anyamata awiri. Musachitire zimenezi m'chipinda chotseka. Ulendo wa pandege umabala miseche yoti mwatenga mwana wa mlongo wanu, ndipo misecheyo imagwera ana osalakwa.

Ntchito yeniyeni inali pa mayina. Pasipoti imafuna chitupa cha unzika kapena satifiketi ya kubadwa, ndipo chitupa cha unzika munthu amalandira akakwanitsa zaka 16. Awiri mwa ana anga anali asanafike pamenepo, choncho tinayamba ndi masatifiketi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mtsikana mmodzi ali ndi mayina awiri a makolo: ku pulayimale analembetsa dzina la malume ake amene ankamulera, pomwe pa khadi la kusikelo panali dzina la bambo ake. Chaka chobadwa nachonso chinasiyana. Kumudzi zimenezi si nkhani, aliyense amadziwa kuti mwanayo ndi wa ndani. Pa pepala zimaoneka ngati ana awiri osiyana. Tinayenda ndi mayi ake kwa amfumu, kenako ku boma, n'kukalumbira pamaso pa majisitireti kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Zimenezi zokha zinadya masabata asanu. Choncho tsiku lomwelo limene mwasankha ana, uzani makolo abweretse pepala lililonse la mwanayo, muwayale patebulo, muwerenge chilembo ndi chilembo.

Mapasipoti atatuluka tinalowa ku viza. Ulendo wa sukulu woterewu umayendera viza ya alendo, imene kwawoko amati Standard Visitor, ndipo fomu yake imalembedwa pa intaneti, mwana aliyense yakeyake. Salola kupempha kutatsala miyezi yoposa itatu kuti munyamuke, ndipo yankho kawirikawiri limatenga masabata atatu. Ndiye mpata wake ndi wochepa: mapepala onse akhale okonzeka March asanathe. Ife tinasonkhanitsa kalata yoitana yochokera ku sukulu ya ku Scotland yonena amene alipire chilichonse, mayina ndi maadiresi a mabanja amene adzasunge anawo, ndondomeko ya tsiku ndi tsiku, kalata ya aHedi yotsimikiza kuti anawa ndi ophunzira athu ndipo abwerera m'kalasi, chilolezo cha ofesi ya maphunziro ya chigawo chathu, ndi kalata yanga ya kuntchito pamodzi ndi mapepala a malipiro.

Pali zinthu ziwiri zimene palibe anandiuza. Choyamba, mwana wosakwana zaka 18 akamapita ndi munthu wamkulu, dzina la wamkuluyo limalembedwa pa viza ya mwanayo, ndipo amalola mayina mpaka awiri. Ndikanadwala sabata yonyamuka, ana onse anayi akanatsala. Lembani aphunzitsi awiri ngakhale wopita ali mmodzi, ndipo wachiwiriyo akhalenso ndi viza yake ngati ndalama zilola.

Chachiwiri ndi kalata ya chilolezo cha makolo. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, ndipo pamsonkhano wa makolo malume a mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti, "Mwanayu ndi wanga, asaina ndine." Mwa mwambo ananena zoona. Koma a viza amafuna kholo lomubereka kapena munthu amene lamulo linamupatsa mwanayo. Mayi a mnyamatayo anamwalira, bambo ake ali ku Joni. Ndinakhala nawo pansi malumewo, ndinawafotokozera mwaulemu kuti palibe akuwalanda udindo, ndipo iwo omwe ndi amene anaimbira foni mlamu wawo. Kalata inasainidwa ku Johannesburg n'kubwera pa basi pamodzi ndi fotokope ya pasipoti ya bamboyo. Ine ndinaikaponso kalata ya malumewo, chifukwa ndi amene mwanayo amadya kwawo.

Kukajambulitsa nkhope ndi zala tinapita ku Lilongwe. Tinanyamuka dzulo lake n'kugona kwa mlongo wanga ku Area 25, ana atavala yunifomu yochapa bwino. Mapasipoti anatsala komweko. Masabata odikirawo ndinkangoti foni ikalira mtima phaa! Mmawa wina uthenga unafika kuti tikatenge, ndipo ndinatsegulira maenivulopu panja pomwepo, manja akunjenjemera. Onse asanu tinapatsidwa.

Tisananyamuke ndinkakumana ndi anawo Lachisanu lililonse tikaweruka. Ndinkawauza kuti sakupita kukapempha. Anzathu aja akulipira ndege chifukwa akufuna kuphunzira kwa ife monga ifenso tikufunira kuphunzira kwa iwo, ndiye aliyense anakonza chokaphunzitsa. Wina anakonza za tiyi wa ku Mulanje kuyambira pothyola masamba mpaka kufakitale, wina za mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi chifukwa chake ukutha, wina za magule, ndipo mtsikana wa mayina awiri uja anati iye akaphika nsima. M'chikwama mwake analongedza mthiko ndi chipande. Nyama ndi zamkaka saloleza kulowa nazo ku Britain, ndiye mphatso zathu zinali zitenje, tiyi ndi bawo laling'ono.

Tinakwerera pa bwalo la ndege la Kamuzu, kusintha ndege ku Addis Ababa, kenako London, kenako Glasgow. Makalata onse a makolo ndi kalata yoitana ndinawasunga m'chikwama cha m'manja, ndipo anandifunsadi polowa. Musawaike m'sutikesi.

Chimene chinatidabwitsa choyamba ndi dzuwa. Mu June kumeneko 10 koloko usiku kumakhala kukadali koyera, ndipo tsiku loyamba mnyamata wina anakana kukagona, ankaona ngati akumunamiza. Kenako ulemu. Mtsikana uja atapatsidwa kapu ya tiyi ndi mayi wa pakhomo pomwe ankakhala, anagwada n'kulandira ndi manja awiri. Mayiyo anachita mantha, anagwadanso n'kumufunsa ngati wadwala. Madzulo anandiimbira foni, ndipo nditawafotokozera anakhala chete kanthawi, kenako anati sanalandirepo ulemu wotere m'nyumba mwawo, koma akupempha kuti mwanayo azikhala nawo patebulo ngati mwana wawo. Mtsikanayo zinamuvuta masiku angapo kudya pamodzi ndi bambo a pakhomopo, amenenso ankatsuka mbale okha. Anyamata anga anaziona zimenezo, ndipo ine ndinakondwa kuti aziona.

M'kalasi ana akumeneko amayang'ana mphunzitsi m'maso, amamutsutsa, amafunsa "chifukwa chiyani" mosaopa. Anga poyamba ankangoyang'ana pansi, ndipo mphunzitsi wina anaganiza kuti sakumva Chingerezi. Anamva bwino lomwe, kungoti kalankhulidwe ka ku Glasgow n'kothamanga ndipo kamameza mawu. Sabata yachiwiri mnyamata wa mkungudza uja anaima kutsogolo kwa kalasi ya jogalafe kwa mphindi makumi awiri, n'kuyankha mafunso onse. Sikuti zonse za kumeneko ndinazisirira. Ndinaona agogo akukhala okhaokha m'nyumba, ndinaona chakudya chambiri chikutayidwa pa nkhomaliro, ndipo ana anga amene anakula ndi phala la Mary's Meals ku pulayimale anakhumudwa nazo poyera. Atauzidwa kuti bungwe limenelo linayambira m'kashedi ku Dalmally, ku Scotland komweko, n'kuyamba kudyetsa ana ku Malawi mu 2002, anafunsa anzawowo ngati akudziwa. Ambiri sankadziwa.

Tsiku lina anatitengera ku Blantyre wa kumeneko, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, ndipo iye anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ana anga ankadziwa za Livingstone wa m'buku la mbiri, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, ndiponso kuti Blantyre wathu anatchedwa dzinali ndi amishoni mu 1876. Sankadziwa kuti anali mwana wa anthu osauka. Mnyamata wa bambo a ku Joni uja anaima nthawi yaitali m'chipindamo, kenako anandinong'oneza kuti, "Madamu, nyumbayi ndi yaing'ono kuposa ya agogo."

Usiku wotsanzikana anakonza gule wawo wotchedwa ceilidh, wovina anthu atagwirana manja m'mizere, ndipo ife tinaphika. Ufa tinaugula m'sitolo ya zakudya za ku Africa mu Glasgow. Mtsikana uja anamanga chitenje, n'kuvundula nsima ya anthu makumi atatu ndi mthiko wa kwawo, ndipo asanagawe anazungulira ndi beseni ndi jagi kusambitsa aliyense m'manja, kuyambira akuluakulu. Bambo a pakhomo pake anapsa zala ndi mbamu yoyamba, koma anakana foloko.

Titabwerera, mwana aliyense anakafotokoza ulendowu pa asembule ndi pamsonkhano wa makolo, ndipo mapasipoti tinawapereka m'manja mwa makolo atasainira. Chaka chamawa ndi nthawi ya anzathuwo kubwera kuno, ana asanu ndi mmodzi. Malume aja anali oyamba kulembetsa kuti mmodzi adzagone kwawo, ndipo ayamba kale kuumba njerwa za bafa latsopano.