Tsiku limene mfuti yanga inasanza zipolopolo

Mfutiyo inali Browning Model 71, imene anaipanga mu 1987 potengera Winchester Model 71 yakale ija. Ndi yotchera ndi liva: ukakankhira liva pansi, chigoba chopanda kanthu chimadumphira kunja, ukaibweza chipolopolo china chimalowa. Zipolopolo zinayi zimagona mondondozana m'paipi ya kunsi kwa mpope, sipuling'i ikuzikankhira kumbuyo. Imabwera ndi chipolopolo cha .348 Winchester, ndipo kuno ku Alaska palibe nyama inadandaulapo kuti .348 ndi yofooka. Wodandaula ndinali ine.

Mtima wanga unali pa .450 Alaskan. Anaiyambitsa ndi Harold Johnson wa ku Cooper Landing, kuno ku Alaska, m'zaka za m'ma 1950, pofuna chinthu choimitsa chimbalangondo m'nkhalango yowirira. Anatenga chigoba cha .348 n'kuchikulitsa kukamwa mpaka mainchesi .458. M'malo mwa mutu (kachitsulo kamene kamauluka kukalasa) wa magalamu 13, chimanyamula wa magalamu 26, n'kuuponya pa liwiro lopitirira mafiti 2,000 pa sekondi.

Mmisiri wa mfuti, gogo wina wosakonda zolankhula, anandilembera papepala ntchito yonse yosinthira mfutiyo kuti ikhale ya .450 Alaskan. Mpope watsopano wa .458. Kusema chipinda cha chipolopolo n'kupima kuti chitsulo chotsekera chikukhala bwino kumbuyo kwake. Kupala pakhomo polowetsera zipolopolo komanso kachitsulo kamene kamazinyamula kuchokera m'paipi, chifukwa chigoba chatsopanocho ndi chonenepa kutsogolo. Zonsezi ndinavomera. Kunsi kwa pepala kunali mizere iwiri: lamba wachitsulo womanga paipi kumpope, ndi labala wa paphewa.

"Ziwirizi chotsani, gogo," ndinatero. "Ndi zokongoletsa chabe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mfuti ndi yanu, bambo. Phewanso ndi lanu." Anafufuta. Paja mwana akalirira nyanga ya nsatsi amangomusemera.

Zipolopolo za mtunduwu sumazipeza pashelefu m'sitolo wamba, umapanga wekha. Umayamba wafewetsa khosi la chigoba pamoto, kenako kulikulitsa pang'onopang'ono, .375, .416, kenako .458. Ukadumpha sitepe khosi limang'aluka. Ine ndinadumpha, ndipo zigoba 7 mwa 40 zinapita kudzala. Mutu uyenera kukhala wafulati, chifukwa m'paipi mphuno ya chipolopolo chilichonse imatsamira pa primer ya chinzake, kabatani ka kumbuyo kwa chigoba koyatsira wonga, ndipo mutu wosongoka ukhoza kuphulitsa mzere wonse m'manja mwako. Pomaliza umafinya mlomo wa chigoba kuti ulume mutu mwamphamvu. Apa pokha ndinamvera malangizo, ndiye chifukwa chake ndikulemba ndi zala khumi.

Masiku oyamba ndinkawomba chimodzichimodzi, paipi ili yopanda kanthu. Mfuti yolemera makilogalamu osakwana anayi, yokhala ndi chitsulo kumbuyo kwake m'malo mwa labala, imamenya theche ngati bulu wolusa. Koma inkalasa pamene ndaloza, ndiye ndinaitana anzanga atatu kuti adzaone.

Munali mu January, chipale chofewa chofika m'mawondo. Ndinalonga zinayi m'paipi, chachisanu m'chipinda. Ndinawafotokozera za Harold Johnson. Ndinafotokozanso za zimbalangondo, ngakhale sindinakumanepo nacho pafupi kuposa pawindo la galimoto. Kenako ndinatsamira, n'kukoka.

Phuuu! Kenako kaphokoso kena kamene sikanali pa pulogalamu: nyooo!

Chitsekerero cha kumapeto kwa paipi chinauluka. Pambuyo pake sipuling'i inatuluka yonse, ikudzitambasula m'malere ngati njoka yothawa moto, n'kukalowa m'chipale. Nditatsitsa mfuti kuti ndione chachitika n'chiyani, zipolopolo zinayamba kutuluka mwaulemu, chimodzi, chiwiri, chitatu, chinayi, zonse kugwera pa nsapato zanga. Thabwa logwirira kutsogolo linali m'dzanja langa lamanzere, mfuti ili kudzanja lamanja, ziwirizi zitasudzulana. Liva nayo inali itandimenya pachala chapakati, chala chija chikutupa ndikuchiona.

Panali zii. Ndiye mnzanga wina anafunsa mofatsa: "Achimwene, chimbalangondo chimayenera kufa ndi chipolopolo kapena ndi phwete?"

Gogo uja sanaseke, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa kwambiri. Anaika mfuti patebulo n'kufotokoza ngati akuuza mwana wa sitandade 3. Mfuti ikalira imadumphira kumbuyo mwadzidzidzi, koma zipolopolo za m'paipi zimafuna kutsala pamene zinali. Choncho zimafinya sipuling'i n'kukamenya chitsekerero ngati hamala. Zinayi za .450 zimalemera pafupifupi magalamu 200, ndipo kasikuluwu kogwira chitsekererocho anakapangira theche la .348. Kanadukira pakati. Pamene ndinkawomba chimodzichimodzi hamala ija panalibe, n'chifukwa chake vuto silinaoneke. Thabwa nalo linatsala m'dzanja langa pa chifukwa chomwecho: mfuti inabwerera, dzanja silinabwerere. Mpata umene amasema kunsi kwa mpope kuti ugwire thabwalo sangauzamitse, poti bowo la .458 limasiya chitsulo chopyapyala. Ndiye ntchito ya lamba uja: amazungulira mpope ndi paipi, n'kugwira zonse popanda kusema mozama.

Anapimanso zipolopolo zinayi zija. Chimodzi chinali chitafupika, mutu utalowa pang'ono m'chigoba. "Ichi musawombe," anatero. Mutu ukalowa, malo a wonga amachepa, mphamvu ya mkati imakwera. Anachiphwasula pomwepo.

Anatulutsa pepala lomwe lija, mizere iwiri yofufutidwa ikuonekabe. Anailembanso, n'kuwonjezera sikuluwu yokhuthala, guluu wa epoxy wolimbitsa thabwa mkati, chitsekerero chatsopano ndi sipuling'i yatsopano. Labala anasankha wochindikala inchi yathunthu. Sindinatsutse kanthu, komanso sindikanatha kukweza dzanja kuti nditsutse. Sabata imeneyo nsima ndinkadya ndi supuni kudzanja lamanzere.

Sipuling'i yakale ija inapezeka mu May chipale chitasungunuka. Anzanga aja anaitola, anaimangira riboni, n'kudzaipereka kwa mayi a kunyumba. Iwo anaipachika pabalaza, ndipo mlendo aliyense akafunsa amati ndi nyama yoyamba imene bambo anapha ndi mfuti yatsopano.