Loweruka ku Dartmoor, pa mtanda wa Siward

Lero ndinali pa ofu, ndiye alamu anga anandinyengerera kuti tikawongole miyendo ku Dartmoor, paki yaikulu ya chipululu kum'mwera chakumadzulo kwa England. Galimoto tinaisiya m'katauni ka Princetown cha m'ma 10 koloko, kunja kuli ngwee. Ola lisanathe nkhungu inatsika ngati chiperoni cha ku Mulanje, munthu wotsogola mapazi khumi osaonekanso. Netiweki nayo inathawa.

"Alamu, tiyeni tibwerere," ndinatero. Iwo amvekere, "Limbani mtima, mtanda uli pompano."

Unangoti tulukiru kutsogolo kwathu, chimwala chotuwa chokhakhala, chachitali kundiposa. Amautcha Siward's Cross, ena amati Nun's Cross. Dzina lake likupezeka kale m'zolemba za 1240, pamene nthumwi za mfumu Henry III zinayendera malire a Dartmoor, ndipo unali pa njira yodutsa chipululuchi pakati pa nyumba za amonke za ku Buckfast ndi Tavistock. Ine ndinkangoti mitanda yotereyi ndi ya mapemphero basi. Koma nditaima pamenepo, osadziwa kuti kum'mawa ndi kuti, ndinamvetsa chimene munthu wapansi wa nthawi imeneyo ankamva akauona: sunasochere, njira ndi yomweyi.

Ndinasisita zilembo ndi chala. Mbali ina pali dzina la Siward, mbali inayo BOC LOND, zomwe ambiri amati zikunena Buckland Abbey, nyumba ina ya amonke. Zafufutika moti umachita kuzipapasa. Pakati pa thunthu pali zitsulo zadzimbiri zogwira mwalawo, chifukwa unagwetsedwa n'kuthyoka mu 1846, mmisiri wa miyala n'kudzaulumikiza mu 1848.

Alamu, amene zoterezi ndi ndiwo zawo, anandiuza kuti uli m'kaundula wa zinthu zakale zotetezedwa, pansi pa lamulo la 1979. Kuuswa, kuusuntha, ngakhale kukumba m'mbali mwake popanda chilolezo ndi mlandu. Ndinaseka pang'ono, poti palibe mpanda, palibe mlonda, manyi a nkhosa okhaokha mbwee patsinde. Komatu akuba miyala yakale alipo, amakagulitsa kwa ofuna kukongoletsa pakhomo, mpaka oyang'anira pakiyi anayamba kubisa timamaikirochipi m'mitanda ina kuti izizindikirika ikabedwa.

Tinadya masangweji titautsamira, mphepo ikutilasa m'makutu. Pobwerera ndinaponda pachithaphwi, phazi lonse kulowa. Nsapato ndaziyanika pa hita, kaya ziuma, poti mawa ndikulowa 7 koloko m'mawa.