Mmene Sikelo Inalowera M'bizinesi Yathu ya Mandasi

Bizinesi yathu inayambira pakhonde la amayi ku Mangochi Boma, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo kwa zaka zambiri muyeso wathu unali dzanja lawo. Fulawa ankatapa ndi mbale yachitsulo, shuga ndi kapu yothyoka chogwirira, mchere ndi nsonga za zala. Mandasi ankakoma tsiku ndi tsiku chifukwa ankakanda makilogalamu 2 okha, mlingo umene manja awo anauzolowera, ndipo ankatulukamo mandasi 60.

Zinthu zinasokonekera titalandira oda ya mandasi 600 a paukwati ku Namwera. Ine ndinangoti chilichonse tichulukitse kakhumi, ndipo tinayamba kutapa anthu atatu, wina akutsendera fulawa m'mbale, wina akudzaza mosefukira, winanso akusalaza pamwamba. Kusiyana kumene sikuoneka pa mbale imodzi kumakula mbale zikafika 40. Choipa kwambiri n'chakuti tinakandira zonse m'beseni limodzi, m'mwezi wa Okutobala, osadziwa kuti mtanda waukulu umasunga kutentha kwake ndipo umafufuma msanga. Pomwe mafuta ankatentha, unali utasefukira kale, ukununkha ngati thobwa logona. Mandasiwo anatuluka owawasa, ndipo tinabweza theka la ndalama.

Sabata yomweyo tinagula sikelo, tinayeza mbale ndi kapu ya amayi, n'kulemba m'kope. Tsopano zonse timawerengera pa kilogalamu imodzi ya fulawa: shuga magalamu 150, mchere magalamu 10, yisiti magalamu 10, ndi madzi ongopitirira pang'ono theka la lita. Madziwo sitithira onse nthawi imodzi, pakuti matumba a fulawa samamwa mofanana.

Yisiti yokha ndiyo imatsata nyengo. Kukatentha timaichepetsa kufika magalamu 7 ndipo timakandira madzi a mumtsuko, koma mu Juni, mwera ukamaomba, timafunditsa madzi ndi kuphimba beseni ndi nsalu ziwiri.

M'mwezi wa Ramadhani, pamene ogula a futari, chakudya chomasulira kusala, amachuluka madzulo, timakanda makilogalamu 5 m'beseni lililonse, motalikitsa ndi theka la ola, kuti mtanda wina uzifufuma wina ali pamoto. Amayi sikeloyo saigwira mpaka lero. Amadikira kuti timalize kuyeza, kenako amatsina mtandawo ndi zala ziwiri, ndipo akati madzi achepa, timawonjezera.