Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kope limene ndinkalemba mbali imodzi

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina mumzinda, nditatha miyezi yambiri ndikuyenda ndi makalata ofunsira ntchito m'manja. Nditangolandira malipiro oyamba ndinagula kope laling'ono, ndipo ndinayamba kulembamo ndalama iliyonse imene ndinkatumiza kumudzi: ya feteleza, ya fizi ya mng'ono wanga, ya malata ofolera nyumba ya amayi, ya mankhwala. Ndikatsegula kopelo usiku ndinkadziona kuti ndine mzati wa banja lathu, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti thandizo limayenda njira imodzi yokha, kuchokera kutauni kupita kumudzi.

Poyamba ndinkapatsira dalaivala wa basi envulopu, n'kukhala masiku awiri mtima uli m'mwamba kufikira nditamva kuti yafika. Kenaka kunabwera kutumiza pa foni, njira imene inatchuka kuchokera ku Kenya, kumene kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007, ndipo ambiri mwa amene anayamba kuigwiritsa ntchito anali anthu onga ine, ogwira ntchito ku Nairobi amene makolo awo anatsala kumidzi. M'zaka zomwezo bungwe la United Nations linalengeza kuti theka la anthu a padziko lonse lapansi likukhala m'mizinda. Chiwerengero chimenecho n'choona, koma chimawerenga munthu pamene amagona, sichiona kumene kuli munda wake, mwana wake ndi manda a makolo ake.

Mu 2020 mliri wa Covid-19 utafika, alendo anasiya kubwera, makina ochapira anakhala chete, ndipo tsiku lina m'mawa tinauzidwa kuti tidikire kunyumba popanda malipiro. Usiku ndinkaonera pa foni zithunzi za ku India, kumene nduna yaikulu Narendra Modi inalengeza pa 24 Marichi kuti dziko lonse litsekedwa pakangotha maola anayi, ndipo anthu ogwira ntchito ku Delhi anauyamba wapansi ulendo wa makilomita mazanamazana kupita kumidzi ya ku Uttar Pradesh ndi Bihar, ana ali pamapewa, akatundu ali pamutu. Zoterezi zinachitikanso ku China, kumene boma linanena kumayambiriro kwa 2009 kuti anthu pafupifupi 20 miliyoni ochokera kumidzi ataya ntchito chifukwa cha kugwa kwa chuma cha padziko lonse lapansi. Palibe aliyense wa anthu amenewa amene ndinkamudziwa, koma ndinkadziwa bwino kumene ankapita, chifukwa lendi itandikanika mwezi wachiwiri, nanenso ndinamanga katundu wanga.

Ndinafika kumudzi madzulo ndili ndi manyazi aakulu, ndipo nditakhala pansi ndinatulutsa kope lija ngati mboni yoti sindinali mlesi. Amayi analilandira ndi manja awiri, analitembenuza, n'kundibwezera osatsegula.

"Mwanangu, mawa mulawirire mukaone munda wanu," anatero. "Mng'ono wanu sanaugoneke ngakhale chaka chimodzi."

"Amayi, munda uja mukadausungabe?"

"Nanga tikanaupereka kwa yani, mwini wake muli moyo? Kupatsa n'kuika."

Kutacha ndinaima pakati pa mizere yopaliridwa bwino, ndipo ndinayamba kukumbukira zimene sindinalembepo m'kopemo. Chaka chilichonse akakolola, amayi ankakweza matumba awiri pamwamba pa basi, dzina langa litalembedwa ndi makala, ndipo matumbawo ndi amene ankachititsa kuti malipiro anga ochepawo afike kumapeto kwa mwezi. Mwana wanga anakulira kwa agogo ake zaka zitatu pamene ine ndinkagwira ntchito usiku, popanda wondilipiritsa. Nditadwala kwa miyezi iwiri, ndi kumudzi komweko kumene ndinakachirira. Abwana anga sanalipirepo chilichonse mwa zimenezi, komabe anali ndi wantchito wokhuta, wamphamvu, wofika pa nthawi yake. Ndimakhulupirira kuti m'mayiko amene akutukuka kumene, mmene antchito ambiri alibe penshoni kapena inshulansi, mudzi umasenza mwakachetechete mbali ina ya mtengo wa ntchito ya m'tauni, ndipo zimandiwawa kuti okonza mapulani a chitukuko kawirikawiri amalekanitsa ziwirizi ngati sizikhudzana.

Ndinakhala kumudzi miyezi 11, ndinalima dzinja lonse, ndipo ndalama yokwerera basi pamene hotela inatiitananso inachokera m'zokolola za munda womwewo. Usiku woti mawa ndinyamuka ndinatembenuza kope lija, n'kuyamba kulemba kuchokera kutsamba lomaliza. Mzere woyamba unali wa matumba awiri ndi ndalama ya ulendo, ndipo mng'ono wanga, amene ankandiunikira ndi tochi ya pafoni, anandikumbutsa kuti ndiwonjezere zaka zisanu ndi chimodzi za kupalira.